Manati a tayala lakutsogolo

Bambo,

Musadabwe kupeza galimoto pakhomo ine kulibe. Ndili bwino.

Popita kuchipatala kukaona mlamu wanu, tayala lakutsogolo linayamba kugogoda, ndiye ndinaima kwa wokonza matayala wapamlatho uja. Manati atatu anawamasula ndi zala! Akuti dzulo munawamanga galimoto ili pa jeke, osabwerezanso mutaitsitsa. "Amayi, mukanafika pamtsetse paja, tayala likanakutsogolerani kuchipatalako," anatero.

Walimanga, koma ndabweza galimotoyo, ndikwera minibasi. Tengani sipanala muyese matayala enawo, nati iliyonse, galimoto ili pansi. Musaiyendetse musanatero.

Pepani, ndinakunenani pang'ono pagulu. Chachikulu n'chakuti miyendo yanga ilipo yonse iwiri.

Mkazi wanu