Chipepeso pa Imfa ya Bambo Amemiya, Omwe Galimoto Yawo Sinatuluke Pakhomo

Kwa Mayi Kazue Amemiya, akazi a malemu, banja lonse la Amemiya, ndi onse amene ankawadziwa malemu.

Bungwe la Osunga Magalimoto Akale la m'dera la Hida ladzidzimuka ndipo lagwidwa ndi chisoni chachikulu pomva kuti Bambo Tsunehiko Amemiya, mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri amene analiyambitsa, atisiya Lachiwiri m'mawa atangodwala masiku anayi okha. Ine wapampando, amene ndakhala nawo zaka makumi anayi pansi pa magalimoto, ndikulemba uthenga uno dzanja likulemera.

Malemuwa anadzutsa magalimoto khumi ndi anayi a anzawo, ena mwa iwo atadyedwa ndi dzimbiri moti nkhuku zinkaikiramo mazira. Bawuti ikasowa m'dziko lonse, ankaisula okha. Injini ikadwala, ankangotchera khutu n'kutchula matenda ake. Ndipo palibe membala pakati pathu amene angaloze galimoto yake n'kunena kuti manja a Bambo Amemiya sanaikhudzepo.

Komabe tingakhale achinyengo titapanda kunena za galimoto yawoyawo, yobiriwira ija ya m'chaka cha 1934, pakuti ndi imene yasiya banjali pa mpanipani. Inabwera ili zidutswazidutswa. Poopa chinyezi cha nyengo yachisanu, anailowetsa mu kura, nyumba yadothi ya zipupa zochindikala imene makolo awo ankasungiramo katundu. Thupi la galimotoyo tinalilowetsa chopendeketsa, ine ndinagwira kutsogolo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife akatswirife amene anaganiza zoyeza khomo. Anaimanga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku limene injini inalira koyamba tinaombera m'manja, iwo n'kulowetsa giya, n'kuyenda pang'ono, n'kuima. Khomo linachepa ndi masentimita khumi ndi limodzi.

Mkulu wawo, Bambo Genzo, omwe ndi mutu wa banja, sanafune n'kumva komwe zokulitsa khomolo. "Chipupa ichi chinapulumuka moto kawiri, iwe ukufuna tichigumule chifukwa cha chiphapha chakochi?"

"Achimwene, ndi kachidutswa kochepa ngati chikhatho."

"Chikhatho chomwecho anamata ndi agogo athu. Imasule, uitulutse momwe unailowetsera."

Kuimasula ndiye anakana kwamtuwagalu. Kwa zaka zina khumi ndi chimodzi, Lamulungu lililonse, ankavala chipewa chawo, kuliza injini, kuyenda mamita awiri kufika pakhomo, kenaka kubwerera m'mbuyo. Ife, ndi manyazi ndikuvomera, tinkawaseka. "A Tsune, lero ulendo mwafika nawo kuti?" Iwo ankayankha nkhope ili gwa: "Ndafika pakhomo. Msewu unali bwino, apolisi kunalibe." Pa maulendo a bungwe ankakhala pampando wa mlendo m'magalimoto omwe anakonza okha, manja ali pamiyendo, ndipo zinkandipweteka kuwaona choncho.

Mayi Kazue, tikudziwa kuti khomo lija silinatsekereze galimoto yokha. Mwana wanu wamkazi wakhala akukuitanani ku Nagoya, komwe chisanu sichiluma mawondo anu ngati kuno kumapiri, koma chaka ndi chaka malemu ankati, "Dikira kaye, mayi, achimwene afewa." Munadikira. Pamaliro, titatha kufukiza lubani, munandikokera pambali n'kundiuza kuti, "A Tateishi, ine ndatopa. Ndikufuna ndipite kwa mwana wanga, koma sindingachoke nditaisiya mumdima muja. Itulutseni, chonde." Ndinapita kwa Bambo Genzo tsiku lomwelo. Analira ngati mwana, koma yankho silinasinthe: "Mukawauze alamu andikhululukire. Chipupa chija si changa ndekha, n'cha akufa ndi osabadwa." Bungwe silikuweruza aliyense pa nkhaniyi, pakuti aliyense akulondera chimene anapatsidwa kuti alondere.

Choncho mamembala onse agwirizana kuti akatha masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi a maliro, tidzabwera ndi masipanala athu kudzachita chimene malemu anakana mpaka imfa yawo. Tidzaimasula bawuti ndi bawuti, tidzaitulutsa, ndipo inu mudzanyamuka. Munandifunsanso kuti kuimanganso kunja kudzatenga nthawi yaitali bwanji. Lero ndikuyankheni zoona: wamng'ono pakati pathu ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa pamene chidutswa chilichonse chimakhala ndi amene tamuperekezayu. Kuitulutsa tikulonjeza. Kuti idzayendanso, sitingalonjeze.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu, Mayi Kazue, kwa ana ndi adzukulu, komanso kwa Bambo Genzo amene ataya mng'ono wawo. Tikukufunirani mphamvu m'masiku olemerawa, ndipo nafenso mutifunireko, makamaka amene adzagwire sipanala yoyamba, amene ndi ine.

Noboru Tateishi
Wapampando, Bungwe la Osunga Magalimoto Akale la m'dera la Hida