Mwendo wa Nguluwe Sufika ku Ukwati

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino, ndipo bondo la amayi lasiya kuvuta. Ine kuno kunkhalango ndilipo, kungoti mvula yake sidziwa Sabata. Nsapato zanga zamera bowa.

Ndamva kuti amayi ataona chithunzi chija ndili pambali pa nguluwe yakufa, anauza asewere awo kuti asagule mbuzi, nyama ya pa ukwati wa mzime wathu ichokera kwa ine. Achemwali, ine si mlenje. Ntchito imene ndinapitira ku koleji ndi iyi: nyama ikafa yokha m'nkhalango, timamangirira kamera pamtengo n'kumaonera obwera kudzadya. Zimayamba ntchentche, kenako zikumbu, linthumbu, ng'azi, fungwe n'kufika mochedwa koma ndi njala yonse, ngati amalume. Abwana anga amati popanda amenewa nkhalango ikananunkha n'kudzaza matenda, mitengonso ikanasowa manyowa. Ine ndimavomera nditatsina mphuno.

Musati sindinayese. Mtengo utagwera nguluwe ina, ndinapempha mwendo umodzi. Abwana anandiyang'ana ngati ndapempha mwana wawo, koma anandipatsa. Ndinauthira mchere n'kuupachika pachingwe kuseri kwa tenti kuti uume. Kuuma kwake kuti? Dzuwa kuno limangosuzumira pamasamba n'kubwerera. Linthumbu linatsika ndi chingwe chomwecho, ng'azi n'kumadumphira kuchokera pansi. Sindinadziwe kuti mnzanga anatchera kamera pomwepo. Pano ofesi yonse ikuonera ine ndikuthamangitsa ng'azi ndi ambulera, m'chiuno muli thaulo lokha. Abwana akuti ndiye kanema wabwino koposa amene tajambula chaka chino, ndipo akufuna kukaonetsa kumsonkhano.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani mukawauze amayi zoona, asewere asanaitane mudzi wonse kudzadya nguluwe. Muwapeze atakhala pansi, ndipo muyambe ndi nkhani ya matenda ndi manyowa ija kuti ndioneke wophunzira. Zathaulozi zithere pakati pa inu ndi ine. Mbuzi igulidwe ndithu. Changa chimene chatsala kuno ndi fupa, loyera mbee, ndipo ngakhale lomwelo zikumbu sizinataye nalo mtima.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali, ana onse ndi mkwati wathu. Amayi muwapatse moni mukatha kuwauza, akakhala kuti akulandirabe.

Ndine mlongo wanu,
Wakunkhalango