Malipenga a Bambo Ndawapaka Penti Wachikasu

Harvey, North Dakota
9 Novembala 2019

Okondedwa achimwene Wendell,

Ndikhulupirira muli bwino ku Seattle komweko pamodzi ndi alamu anga a Noreen. Kuno chipale chofewa chayamba kale kugwa. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa inu pafoni mumadula anzanu mawu, pomwe pepala lilibe mwano wotero.

Munthu wanu uja anabwera Lachiwiri. Ndikunena a Delgado a ku Chicago, amene munawatuma kudzaona masipika a malipenga aja, omwe bambo anapulumutsa pamene holo ya kanema ya Gem, momwe ankagwira ntchito, inkagwetsedwa. Pulani yanu ndikuidziwa: tigulitse malipengawo, bambo tikawasiye kunyumba yosamalira okalamba ku Minot. Ndi pulani yabwino zedi, yoganiza munthu wokhala mailosi oposa chikwi kuchokera kuno.

Tsono khalani pansi. Ndinawapenta.

Inde, ine Marlys, mlongo wanu wa madigiri awiri, amene ndaphunzitsa mbiri yakale pakoleji zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinatenga penti wachikasu wotsala kukhitchini n'kupaka malipenga onse awiri, timabowo tawo tonse tonga zisa za njuchi, mabokosi ake aakulu ngati firiji aja, mpaka tizikwangwani tamkuwa ta manambala. Ndisanapake ndinayamba ndapala ndi sandipepa. Mlendo akamabwera timasesa pakhomo, sichoncho?

A Delgado atatsegula chitseko cha shedi anavula chipewa ngati afika pamaliro.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndakongoletsa, bambo. Zinali zotuwa ngati khoswe."

"Kutuwako ndiye kumene anthu amagula! Penti wa kufakitale, nambala yooneka, ngakhale fumbi lenilenilo. Wogula wanga wa ku Osaka, ku Japan, amanunkhiza mpaka phula la pakati pa timabowo. Nanga pano ndikamuuza kuti chiyani? Kuti ndapeza nthochi ziwiri?"

Anagwada, anaunika ndi tochi, anakanda ndi chikhadabo, koma manambala anali atapita ndi sandipepa. Akuti popanda manambalawo sangatsimikizire munthu chaka chake, kapena kuti awiriwa anachoka kufakitale limodzi. Pomaliza anapukuta mawondo n'kunena kuti, "Ndingogula maginito akumbuyowa. Zotsalazi muziikiramo nkhuku."

Ndisanapitirize, pali bodza langa limene muyenera kulidziwa. Pafoni ndimakuuzani kuti bambo ali bwino, amangoiwala makiyi. Si makiyi okha, achimwene. M'mawa wa tsiku lomwelo ananditchula kuti Ardis, dzina la malemu amayi, n'kundifunsa ngati ana anyamuka kale kupita kusukulu.

Koma m'shedimo bambo anadzuka pampando wawo okha, n'kulanda tochi m'manja mwa mlendo, n'kuchotsamo batire.

"Mnyamata iwe, manambala ngachiyani? Ulibe makutu?"

Mnyamatayo ndi munthu wa imvi, achimwene. Bambo anagunditsa mawaya a malipengawo pabatire. Lipenga lakumanzere linati kho! Lakumanja linati khe!

"Wamva? Lakumanzereli silinatsegulidwepo chibadwire. Lakumanjali kachitsulo kake konjenjemera ndinasintha ndekha mu 1961, tsiku limene Wendell anabadwa. Holo inali itadzaza, ndikanawasiya anthu akuonera milomo yopanda mawu? Kuchipatala ndinafika mwana atasamba kale. Ardis anandinyanyala sabata yathunthu. Ndiye iwe ukuti uchotse maginito? Munthu ukamuchotsa m'mero, watsala ndi chiyani?"

A Delgado anakoka ndowa n'kukhalapo. Anakhala maola atatu, bambo akuwafotokozera momwe ankakwezera malipengawo ndi zingwe kuseri kwa chinsalu, ndi momwe ankawalozetsera kuti wokhala mpando wakumbuyo amve kunong'ona kwa m'kanema. Bambo sanasokoneze dzina ngakhale limodzi. Ine ananditchula kuti Marlys kanayi, ndinkawerenga. Potsanzika mlendo uja anandiitanira pambali n'kuti, "Mayi, musagulitse kanthu. Koma chonde, burashi musadzaigwirenso moyo wanu wonse."

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira ngati galu wofuna pogona. Kalata ya a Delgado imene munanditumizira ija, yonena kuti tisapukute, tisapente, tisakhudze, ndinaiwerenga. Kawiri. Mukuganiza kuti mphunzitsi wa mbiri sadziwa kuti chinthu chakale sachipenta? Mundilemekezeko pang'ono.

Masana alionse bambo amakakhala m'shedimo, ine ndimawaikira nyimbo, mawu n'kumatuluka m'malipengamo mpaka malata kunjenjemera. Ndi malo okhawo padziko pano pamene amadziwa kuti ndine mwana wawo. Chipinda cha ku Minot ndinakachiona. Pakhomo pake lipenga silingalowe, ngakhale chammbali. Kukoleji ndapereka kale kalata yosiya ntchito, Disembala ndi mwezi wanga womaliza. Ndiwasamalira ndekha, ndipo sindikupempha chilolezo. Kalipani, ufulu muli nawo, popeza theka la zimene ndapaka chikasuzo ndi cholowa chanu. Sankhani lipenga lanu, ndikuganiza kuti mukulidziwa kale.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Bwerani pa chikondwerero cha Thanksgiving kumapeto kwa mwezi uno. Musatumize maluwa ngati chaka chatha, maluwa sakhala pampando. Mubwere ndi jekete lochindikala, m'shedimo mumazizira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinapenge. Moni kwa mwana wanu Kirsten ndi kamwana kake. Bambo nawonso akupereka moni. Ali pafupi nane pano kukhitchini, ndipo ndawafunsa kuti moniyo apite kwa yani. Aganiza nthawi yaitali, akuyang'ana pawindo, kenaka ati, "Kwa mwana wa lipenga lakumanja uja." Dzina lawathawa, achimwene, koma tsiku lanu akadali nalo. Fulumirani.

Ndine mlongo wanu wosamva, wa penti m'zikhadabo,

Marlys