Chiwombereni Mwera Uja, a Mhone Sapemphera

Chia,
P.O. Nkhotakota.
17 Sepitembala, 1978.

Okondedwa Achemwali anga Enifa,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Zomba. Ife kuno tilipo, matupi ali bwino. Mpunga tinamaliza kupuntha, wina tinagulitsa ku Admarc, ndipo chinangwa cha kumtunda chachita bwino chaka chino. Chitenje munanditumizira chija ndinalandira, zikomo kwambiri.

Mundikhululukire kuti ndakhala nthawi yaitali osalemba. Ndimati ndikagwira cholembera, poyambira nkusowa. Ngakhale lero sindikudziwa ngati ndikukudandaulirani kapena ndikungokuuzani nkhani.

Inu mukudziwa mmene analili alamu anu a Mhone titangokwatirana chaka chatha. Paja munkandiseka kuti sizikudziwika ngati ndakwatiwa ndi msodzi kapena mbusa. M'mawa uliwonse asanapite kokaonjola ukonde tinkakhala pamphasa, iwo nkuwerenga ndime ya m'Baibulo, ine nkuyambitsa nyimbo. Pemphero likawakomera ankaiwala Chichewa nkulowa Chitonga cha kwawo, ine nkumangomwetulira nditatsinzina. Ndinkaona ngati banja lachikhristu ndi losavuta, Achemwali. Ndinali mwana.

Mwezi wa Juni anapita kunyanja ndi mnzawo Fakiri, Msilamu wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene akhala akupalasa naye bwato limodzi kuyambira ali anyamata. Mwera unawapeza atangodutsa pamathiriro pomwe madzi a Chia amalowera m'nyanja. Bwato linatembenuzika. A Mhone anakakamira bwatolo mpaka asodzi ena anawavuula, koma Fakiri anapezeka mawa lake m'bango, atafa kale.

Anthu a mpingo anadzaza pakhomo pathu. Aliyense ankati, "Mulungu ndi wamkulu, wakupulumutsani." Mkulu wathu wa mpingo, bambo Sailesi, anati Lamulungu likudzalo a Mhone akaimirire kutsogolo athokoze pamaso pa anthu. Iwo anangoti, "Ndamva." Tsikulo litafika sanapite. Kuchokera pamenepo sanalowenso m'tchalitchi, ndipo m'nyumba muno sindinamvenso mawu awo akupemphera.

Tsiku lina ndinatsegula Baibulo nkuwaikira pamiyendo.

"Werengani, bambo," ndinatero.

"Werenga iwe, Emelda. Ine maso akundiwawa."

Koma maso omwewo ndi amene amaona kabowo kakang'ono pa ukonde nkukasoka. Chikhala kuti anayamba mowa kapena kundimenya, bwenzi ndikudziwa choti ndikanene kwa ankhoswe. Koma ayi. Afatsa kuposa kale. Nkhuni amandiwazira, ndikadwala mutu madzi amatunga okha anthu akuwaona. Ndiye ndikadandaule kuti chiyani? Kuti mwamuna wanga ndi wabwino koma wasiya kutsinzina?

Kenako panabwera china. Akagwira nsomba, chambo chonona chonse ankapita nacho kwa Mariamu, mkazi wa malemu Fakiri. Anakamufolerera denga. Pa sadaka ya malemuyo anakakhala pakati pa amuna a ku mzikiti tsiku lonse. Poyamba ndinkati nchifundo, ndipo ndinkanyadira. Koma tsiku lina tikuchokera ku Boma kokaphunzira magule a msonkhano wa chipani, Dailesi, uja tinkaimba naye kwaya, anandikokera pambali.

"Emelda, tsegula maso. Kwa Asilamu mitala saletsa. Udzangoona amuna ako atulukira atavala mkanjo ndi kofia, iwe uli mkazi wamkulu."

Ndinaseka, koma mawuwo anandilowa ngati munga. Ndinayamba kuyang'ana nsomba zimene zikutuluka pakhomo, ndi kununkhiza malaya awo pochapa. Amayi a Chigwirizano anati ndisale kudya. Ndinasala. Bambo Sailesi anati mkazi wanzeru amakoka mwamuna wake kubwera naye kwa Ambuye. Ndinakoka, sanasunthe. Wina mpaka anandinong'oneza za sing'anga wa ku Kanyenda, koma kumeneko ndiye sindinapite. Aliyense anali ndi mankhwala, koma palibe amene anandiuza dzina la nthendayo.

Sabata ziwiri zapitazo, ndikuyanika chinangwa pathandala, ndinangoona Mariamu akulowa pabwalo atasenza beseni. Anatula, nkukhala pansi. M'besenimo munali chambo chimene a Mhone anapita nacho m'mawa womwewo. Achemwali, ine ndinali nditamukonzera kale mawu mayi ameneyu, mawu akuthwa ndithu. Koma nditamuona mmene waondera, onse anandithawa.

"Mayi Mhone," anatero, "nsombazi ndabweza. Si mwano ayi. Ine ndinalira, ndipo ndikulirabe, koma ndinavomera kuti Mwini wake watenga. Amuna anu akafika pakhomo panga amaima ngati munthu wodikira chiweruzo. Ana akawaona amayamba kufunsa za bambo awo, maliro nkuyambiranso. Achibale a malemu nawo ayamba kuyankhula. Muwauze kuti mlandu kwa ine alibe. Sindiwo anautuma mwera."

Atamwa madzi anawonjezera kuti, "Ndikamapemphera ndimawatchula dzina, kuti Mulungu awapatse mtendere."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera mutu wanga unali utazungulira. Mayi amene ndinkamuyesa wolanda mwamuna wanga ndi amene akumupempherera, kumzikiti kwawoko, pamene ine mkazi wa mphete ndinali kalikiliki kununkhiza malaya.

Masana omwewo ndinawatsatira a Mhone pansi pa mtengo wa mango pomwe amasokera ukonde, nkuwafotokozera zonse. Anapitiriza kusoka ukondewo. Kenako anayankhula osandiyang'ana.

"Emelda, m'madzi muja ndinapemphera. Ndinati, Ambuye, tipulumutseni tonse awiri. Fakiri nayenso ankafuulira Mulungu m'mawu a kwawo, ndinkamumva. Iye wasiya ana, ine ndilibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye a Sailesi akuti ndiimirire ndithokoze. Ndithokoze chiyani? Kuti anasankha ine? Ndikafuna kunena zikomo ndimamva ngati ndikuvina pamanda a mnzanga. Ndikafuna kufunsa chifukwa chake, ndimaopa kuchimwa. Ndiye ndangotseka pakamwa."

"Ndiye kuti simukhulupiriranso?" ndinafunsa.

"Chikhala kuti sindikhulupirira, bwenzi ndikugona tulo. Kodi ungakwiyire munthu amene kulibe?"

Achemwali, mukukumbukira kuti ku Sande sukulu mavesi oloweza ndinkaposa ana onse. Tsiku limenelo ndinafunafuna m'mutu, osapeza ndi limodzi lomwe loti ndingawapatse osachita manyazi. Ndinangokhala pansi nkuwagwirira mbali ina ya ukonde mpaka anamaliza kusoka.

Kuchokera tsikulo kwa Mariamu sapitako. Nsomba ndimapita nazo ndine, ndipo kwa ine amalandira. Timakhala pakhonde pake tikusankha mpunga. Dailesi akuti ndapenga.

Koma chondisokoneza kwambiri ndi ichi. Nthenda ya alamu anu yandilowa inenso. M'mawa ndikatsinzina kuti ndithokoze kuti mwamuna wanga ali moyo, ndimaona ana a Mariamu, lilime nkulemera. Ine ndimati ndiwakoke, koma zikuoneka ngati ndi iwo andikoka. Komabe kuyambira tsiku la ukonde lija, ndikayala mphasa amabwera okha kudzakhala pambali panga, chinthu chimene anali atasiya. Baibulo limakhala lotsegula pakati pathu, wowerenga palibe. Tikakhala kokwanira, iwo amatenga nkhafi, ine ndowa. Lero anandiperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi, iwo nkutsala panja pomwe anthu amatsamiritsa njinga. Nditatuluka ndinawapeza pomwepo.

Tandiuzeni inu amene mwakhalitsa m'banja: anthu awiri akakhala chete pamaso pa Mulungu, ndiye kuti apemphera kapena amuchitira mwano? Kodi tikubwerera, kapena tikusochera limodzi? Ine sindikudziwa, koma ndikuona kuti sindinawadziwepo amuna anga ngati mmene ndikuwadziwira tsopano. Chonde amayi musawauze kaye izi, angabwere ndi ankhoswe pa nkhani yopanda wolakwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Goodwell. Ana onse muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwasowa, ndipo akadzabwera adzadya chambo mpaka kutopa. Usipa wouma ndikupatsirani akapezeka munthu wobwera kumeneko. Tinsalu tija munkamufunditsa Benedicta ali khanda musataye, ndidzatifuna mvula ikamadzatha. Anamwino a ku Boma ananditsimikizira Lachinayi lapitali kuti ndine woyembekezera.

A Mhone ndinawauza akuchokera kunyanja, miyendo ili mchenga wokhawokha. Anandiyang'ana, nkugwada pabwalo pomwepo, nkugwira dzanja langa. Anati, "Ambuye..." Ndinatsinzina kudikira mawu otsatira. Sanabwere. Nditadikira nthawi yaitali ndinangoti ameni. Ngati ndinafulumira, mudzandiuze poyankha.

Mutikumbukire m'mapemphero anu, tonse atatu, pakuti athu pakali pano ndi aafupi.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Emelda Mhone.