Amumeta Tisauke

Atate ake Tisauke,

Mukabwera simutipeza. Napita naye mwana kuchipatala cha masisitere ku Kasisi, takwera ngolo ya a Jonas.

Paja ku maliro a amalume anu ninawachonderera alongo anu kuti asamumete, chifukwa khungu lake loyera lija silipirira dzuwa. Anati mwambo ni mwambo, aliyense ameta. Dzana anaswera naye kudimba mutu uli pamtunda, wopanda ngakhale duku. Lero mutu wonse ni matuza, ndipo chilonda chakuseri kwa khutu chija chatsegukanso, chikutuluka magazi.

Pepani, natenga chisote chanu chakutchalitchi. Chimufika m'mphuno, koma inu Mulungu azakudziwani ndithu na dazi lanulo. Mbuzi muzitsekere, malaya anu a manja aatali muwabweretse mawa. Alongo anuwo muwauze ndinu, ine pakamwa panga sipangatuluke zabwino.

Mtima wanga watha, bambo. Mlongo wanga Abson anali woyera ngati iyeyu, ndipo chake chinayambira pakhutu pomwepo. Ndine ninali kumutsuka chilondacho mpaka tinamuika m'manda. Sininganamizidwe kuti ni kachilonda chabe.

Nelesi