Maliro Opanda Womwalira

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ife kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Oshawa, tilipo, chatidwalitsa ndi manyazi basi.

Mayi wina wa ku Amereka woyandikana nane nyumba anatha miyezi itatu osatuluka, makatani ali chitsekere. Ndinati apa pagwa zovuta. Ndinamanga chitenje, kukagogoda, ndipo atangotsegula ndinakhala pansi n'kuyamba kulira monga timachitira kwathu.

"Wamwalira ndani?" anandifunsa.

"Ndimayesa mundiuza ndinu!"

Achemwali, mayiyu sanafedwe ayi. Amadzitsekera dala kuti azilemba ndakatulo! Akuti mutu unali utauma, koma kulira kwanga kwautsegula.

Chonde musawauze amayi. Ambuye akusungeni, ndipo mundipempherere, chifukwa akuti Loweruka ndikalirenso, ndakatuloyo sinathe.

Ndine mng'ono wanu,
Nachisale