Mlatho wa ku Lupembe Wadumpha

Lolemba, 10 Malichi 2025

Lupembe. Mvula kuyambira m'mawa, yakata cha m'ma 10 koloko. Ine ndi Violet, katswiri wathu wa zipangizo, tamata timasensa sikisi, tizipangizo toyeza kunjenjemera, pa mlatho wachitsulo wa anthu oyenda pansi. Makina ogwedezera pakati penipeni. Chaka chachitatu cha digiri ya udokotala wa zomangamanga, ndipo aka n'koyamba kuyesa pa chitsulo chenicheni zomwe ndakhala ndikuwerengera pa kompyuta.

Asibweni Manase, mlongo wa amayi, anabwera kudzaonerera. Ndi iwo anamanga mabawuti a mlathowu zaka naini zapitazo. Akuti, "Mwana wane, gwedeza mmene ungathere, utopa ndiwe."

Lachitatu, 12 Malichi

Sizili bwino.

Pogwedeza pang'ono, mlatho ukunjenjemera ka 2.4 pa sekondi. Powonjezera mphamvu, 2.1. Powonjezeranso, 1.9, kenako mwadzidzidzi wadumpha, zitsulo za m'mbali kulira ngati zikuthyoka. Violet anathimitsa makina osandifunsa. Anachita bwino.

Mlatho womangika bwino susintha kanjenjemeredwe chonchi. Penapake pakhwepa. Ndipo munthu poyenda amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi. Anthu akachuluka, naponda limodzi, adzachita zomwe achita makina lero.

Choipa n'chakuti ndinayamba ndasangalala. Mzere pa laputopu wapindika ndendende mmene ndinawerengera. Manyazi anabwera pambuyo, nditaona amayi atatu kutsidya, mitolo ya chinangwa pamutu, akudikira kuti tiwapatse njira.

Lachinayi, 13 Malichi

Profesa wondiyang'anira anaimba atangoona zomwe ndatumiza. "Ichi n'chosowa, Towera. Asaukhudze kwa sabata imodzi yokha. Akangomanga mabawuti kudumphako kutha, ndipo mutu wachisanu wa pepala lako utha nako." Sakunama. Ndili ndi miyeso itatu, ikufunika makumi awiri. Nditatchula za anthu owoloka anati amene ali pamalopo ndine, ndione ndekha.

Masana ndinalowa kunsi kwa mlatho. Dzimbiri lachucha mizeremizere pamalo olumikizira achinayi. Mabawuti awiri akuzungulira ndi zala.



Loweruka, 15 Malichi

Ndapita kwa Mayi Keziya, wapampando wa komiti ya mlatho. Ndisanayambe n'komwe, akundiuza kuti Lamulungu la pa 23 kuli chikondwerero cha makwaya kutsidya. Makwaya naini. Amawoloka akuimba, phazi limodzi. 

Ndawauza zonse. Yankho lawo: "Titseke, anthu adutse m'madzi mwezi uno? Ng'ona mwaziuza?" Pomaliza tagwirizana. Chingwe mbali zonse ziwiri, anthu asanu pa nthawi, mpaka mabawuti akonzedwe.

Sabata ya Profesa yapita choncho.

Nkhani yafika kale kunyumba. Asibweni sanayankhe moni wanga. Amayi akuti ndachititsa manyazi mlongo wawo m'mudzi wake womwe. Ndinayesa kufotokoza kuti bawuti limakhwepa lokha ndi zaka, si vuto la womanga. Anangopitiriza kupeta mpunga.

Lachiwiri, 18 Malichi

Asibweni anafika ndi sipanala yayitali, osayankhula ndi munthu. Bawuti ndi bawuti, mpaka dzuwa kupendeka. Khumi ndi awiri asintha, ena onse amangitsa. Thukuta noninoni, munthu wa zaka sikisite. Ndinkawagwirira chitini cha girizi, mtima pawiri. Lililonse likamangika, anthu akupulumuka, mutu wachisanu ukupita.

Pomaliza anandiyang'ana koyamba. "Yesanso. Pamaso pa anthu."

Jenereta ilibe petulo, Violet akuti apeza Lachisanu. Mayi Keziya anachotsa chingwe pompo, anthu n'kuwomba m'manja. Ndikanatha kunena kuti adikire. Sindinanene. Ndatopa kukhala mdani wa aliyense.

Lachisanu, 21 Malichi

Tayesa. Anthu ambiri pagombe, Asibweni kutsogolo, manja m'thumba.

2.4. Kenako 2.2. Kenako 1.9. Wadumphanso, chimodzimodzi.

Si mabawuti.

Violet anachotsa sensa imodzi n'kukaimata pa chipilala cha konkire chochirikiza mlatho kutsidya. Chipilala sichiyenera kusuntha ngakhale pang'ono. Chikupendama uku ndi uku. Ndinatenga nsungwi, n'kupisa m'madzi m'munsi mwake. Yalowa yonse, osagunda kanthu. Madzi akokolola dothi la pansi pake, kaya kuyambira liti. Ine masiku onsewa maso ali pa chitsulo.

Ndinapepesa Asibweni pomwepo, anthu akumva. Sanasangalale, sananyade. Anangoti, "Ichi sipanala siingachithe." Atero anakatenga benchi kusitolo ya a Hassan, n'kuipingasa pakhomo pa mlatho, n'kukhalapo. Bambo wina wa njinga anayamba kulongolola. Asibweni akuti, "Ukadutsa, udutse pa ine."

Profesa waimba kawiri. Sindinayankhe.

Foni ya Mayi Keziya siikupezeka, akuti ali ku maliro ku Sangilo, abwera mawa madzulo. Makwaya ndi mkuja, ndipo anthu akuwolokabe kuchokera kutsidya komwe kulibe wotchinga. Violet wapita kukafuna mwini bwato atiwolotse. Kumapiri kwada bii. Ndayika chizindikiro pa nsungwi yozika m'mphepete mwa mtsinje ola lapitalo, madzi achipitirira kale ndi chikhatho chathunthu.